Katangale wa ku Potosí ndi zilembo za pa ndalama za mfumu ya Spain

Mu Juni 2025, akatswiri a zinthu zakale a ku Colombia adafalitsa m'magazini ya Antiquity zimene adaona pa ndalama zagolide zomwe zidamwazika pansi pa nyanja kufupi ndi mzinda wa Cartagena. Sadazigwire ndi manja, poti zili pakuya kwa mamita pafupifupi 600. Adazijambula ndi makina omira m'madzi, n'kuwerenga chilembo L cha mzinda wa Lima, nambala 8, chilembo H cha Francisco de Hurtado yemwe ankayesa golide, ndi chaka cha 1707. Izi zidalimbikitsa zimene boma la Colombia lidalengeza mu 2015, zoti chombo chimene chidamira pamalopo ndi San José cha ku Spain, chimene Angelezi adamiza pa 8 Juni 1708, n'kupita ndi anthu pafupifupi 600.

Chumacho chikulimbiranidwa. Colombia akuti chili m'madzi ake, Spain akuti chombocho chinali cha asilikali ake, kampani ya ku America ya Sea Search Armada ikufuna theka ponena kuti ndiyo idayamba kupeza malowo, ndipo Aqhara Qhara, mtundu wa anthu a ku Bolivia, akuti siliva wa m'chombomo adakumba ndi makolo awo. Ine chandikoka ndi zilembozo. Kachitsulo kosongoka m'mbali, kosulidwa ndi nyundo, kadayamba bwanji kunena zambiri chotere? Nkhani yake ili ku Potosí, mzinda wa migodi ya siliva womwe lero uli ku Bolivia koma nthawi imeneyo unali mbali ya Peru wolamulidwa ndi Spain, zaka pafupifupi 60 chombocho chisanamire.

Siliva wa m'phiri la Cerro Rico ku Potosí adadziwika kwa Asipanya mu 1545, ndipo m'zaka za m'ma 1570 bwanamkubwa Francisco de Toledo adakhazikitsa nyumba yosulira ndalama pamodzi ndi thangata wotchedwa mita, yemwe ankakokera kumigodi amuna opitirira 13,000 chaka chilichonse. Ndalama zake, zotchedwa macuquina, ankazidula pa mtanda wa siliva, kuzisadza mpaka kulemera kukwane, n'kuzimenya chidindo. Ya mareyale 8 (reyale unali muyeso wa ndalama za Spain) inkayenera kulemera magalamu 27 ndi pang'ono, ndipo pa magawo 100 alionse, 93 ankayenera kukhala siliva. Chilembo cha woyesa siliva chinali ngati lumbiro lake kwa mfumu. Koma chidindo chinali chachikulu kuposa chitsulo, kotero chaka ndi chilembocho nthawi zambiri zinkagwera kunja.

Apa ndi pomwe akatangale adalowera. M'zaka za m'ma 1640 amalonda a siliva, mogwirizana ndi oyesa ndi akuluakulu ena, ankathira mkuwa wochuluka posungunula, phindu n'kugawana. Madandaulo adachokera kutali: amalonda a ku Genoa ndi ku Flanders adayamba kukana ndalama za ku Peru, ndipo kwa mfumu yolipira asilikali ndi ngongole zake ndi siliva yemweyo, chinali chipsinjo choposa manyazi. Mfumuyo, Philip IV, idatuma Francisco de Nestares Marín, wansembe yemwe adagwirapo ntchito m'bwalo lozenga milandu ya chipembedzo. Adafika ku Potosí kumapeto kwa 1648. Mu Januwale 1650 wamalonda wolemera Francisco Gómez de la Rocha adanyongedwa, ndipo chaka chomwecho woyesa siliva Felipe Ramírez de Arellano adaphedwanso.

Pa Rocha maumboni sagwirizana. Bartolomé Arzáns de Orsúa y Vela, wolemba mbiri ya mzindawu, adabadwa zaka zoposa 20 izi zitachitika, ndipo ankakonda kukometsera nkhani. Ku Potosí mpaka lero anthu amasimba za chuma chimene Rocha adabisa, chomwe palibe adachipeza. Mapepala a milandu, amene akatswiri monga Kris Lane awafufuza, ndi odalirika kuposa nthanozi, ngakhale kuti adalembedwa ndi mbali yozenga mlandu. Akuonetsa kuti Rocha sanali yekha. Ambiri okhudzidwa adapulumuka ndi chindapusa, ndipo mlandu woti Rocha ankafuna kudyetsa Nestares poizoni udafulumizitsa imfa yake. Sindikumuyeretsa, koma zikuoneka kuti adasenza yekha mtolo wa anthu ambiri. Kuchuluka kwa ndalama zoipazo palibe kaundula amene adakusunga. Ndipo akapolo a ku Africa amene ankagwira ntchito pa ng'anjo zosungunulira timangowamva pamene oweruza ankawafunsa mafunso.

Chigamulo chidapweteka aliyense amene anali ndi ndalama m'thumba. Mu 1650 zakale zija, zomwe anthu adazitcha rochunas potengera dzina la Rocha, zidatsitsidwa kuchoka pa mareyale 8 kufika pa 6. Zosulidwa kafukufuku atayamba zidamenyedwa kachidindo kena pamwamba n'kumayenda pa mareyale 7 ndi theka. Kenaka mu 1652 nkhope ya ndalama idasinthidwa. Chishango cha banja lachifumu chidachoka, m'malo mwake padabwera mizati iwiri yoima pa mafunde ndi mawu akuti PLVS VLTRA, ndipo chaka, chilembo cha mzinda ndi cha woyesa zidayamba kubwerezedwa malo angapo, kuti nyundo ikaphonya pena, penapo pazioneka. Lima idatengera kalembedwe komweko, ndipo ndi kamene kadawerengedwa pa San José.

Wofuna kutsimikiza macuquina lero amayamba ndi sikelo, koma sikelo payokha imanamiza, chifukwa siliva wokhalitsa m'madzi amchere amadyeka n'kupepuka. Amaona ngati chilembo cha woyesa chikugwirizana ndi chaka: E wa Antonio de Ergueta amayenera ndalama ya ku Potosí ya 1652, pomwe ya ku Potosí yolembedwa chaka cha m'mbuyo mwa 1617 ndi yokayikitsa, poti m'chaka chimenecho ndi m'mene adayamba kulemba zaka. Zabodza zambiri amachita kuthira m'chikombole, choncho zimakhala ndi timaenje ta mpweya, mzere wolumikizira m'mbali ndi zilembo zofewa. Chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi mapasa. Ndalama zodulidwa pamanja sizingafanane, ndiye ziwiri zikafanana mpaka ming'alu, imodzi kapena zonse zidatuluka m'chikombole.

Ndalama za m'ma 1640 ndiye zimazunguza mutu. Makina oyesera chitsulo akapeza mkuwa wochuluka, sizitanthauza kuti ndalamayo ndi yopeka dzana. Mwina idatulukadi m'nyumba ya mfumu ili yachinyengo kale. Apa pamathandiza zombo zomira, zimene chaka chake chimadziwika. Jesús María de la Limpia Concepción, chomwe chidamira kufupi ndi Chanduy ku Ecuador mu 1654, chidapezeka ndi ndalama za chishango zomenyedwa kachidindo kaja pamodzi ndi zatsopano za mizati, zonse m'katundu mmodzi, ndipo akatswiri amayerekezera nazo zina.

Zilembozi zimatchula mfumu, mzinda, woyesa ndi chaka. Wokumba satchulidwa, n'chifukwa chake dandaulo la Aqhara Qhara silingadalire ndalamazo. Komanso zomwe zidawerengedwa mu 2025 ndi zagolide za ku Lima. Pa nthawiyo siliva amene iwo akunena anali akadali pansi pa nyanja.