Kodi armadillo ndi amene anabweretsa khate?

Anthu ena amati kanyama ka ku America kotchedwa armadillo ndiko kanayambitsa khate, ndipo ukangokakhudza basi wadwala. Zakokomezedwa izi. Kanyamaka, kamene kamaoneka ngati ngaka ngakhale si pachibale, kamatha kusungadi tizilombo ta khate chifukwa thupi lake ndi lozizirirapo, ndipo mu 2011 akatswiri anapeza tizilombo tofanana mwa tinyamati ndi mwa odwala ena kummwera kwa United States. Koma khate linalipo kale ku Asia ndi ku Africa zaka masauzande zapitazo, kumene armadillo kulibe. Anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse sadwala khate ngakhale atakumana ndi tizilomboti. Amene ali pachiopsezo kwenikweni chotenga khate kwa armadillo ndi osenda kapena kudya nyama yake. Wodwala akamwa mankhwala kwa miyezi 6 mpaka 12 amachira.