Ku Uhud anakambirana, zinthu nkuwavuta, koma kufunsana sikunaleke

Tikamaphunzitsa za shura, komwe ndi kufunsana maganizo mu Chisilamu, ambiri timathamangira ku nkhondo ya Badr, mu 624, pomwe Hubab ibn al-Mundhir analangiza Mtumiki Muhammad (SAW) kuti asamukire pa chitsime choyandikira adani, kapena ku nkhondo ya Khandaq mu 627 ndi ngalande yoteteza Madina yomwe Salman al-Farsi analangiza kuti ikumbidwe. Nkhani zokoma, komatu nzophweka kukamba chifukwa malangizowo anathandiza. Ine mkalasi ndimachedwa pa nkhondo ya Uhud.

Chaka cha 625 ma Quraysh a ku Makka, omwe ankalimbana ndi Asilamu, anabwera ndi asilikali pafupifupi 3,000. Mtumiki anaitanitsa anthu nkufunsa kuti titani, iyeyo maganizo ake anali odikira adani mkati mwa Madina, ndipo Abdullah ibn Ubayy, mmodzi wa atsogoleri a ku Madina, naye ananena zomwezo. Koma anyamata, makamaka omwe Badr inawaphonya, anakakamira kuti ayi tituluke asatiyese amantha. Mtumiki anatsata ambiriwo, analowa mnyumba nkuvala zankhondo, nde anyamata aja ataona choncho anayamba kudzimvera chisoni kuti tamukakamiza, bwanji tibwerere ku maganizo ake aja. Anawayankha kuti mneneri akavala zankhondo savulanso mpaka atamenya. Kukambirana kunali kutatha basi.

Apa taonani anthu awiri omwe maganizo awo sanadutse. Mtumiki anatsogolera chisankho chomwe sichinali chake. Ibn Ubayy anabwerera panjira ndi anthu pafupifupi 300 mwa 1,000 ati poti sanamumvere. Asilamu okwana ngati 70 anaphedwa tsiku limenelo kuphatikizapo Hamza, mchimwene wa bambo ake a Mtumiki, ngakhale tinene zoona, chomwe chinasokoneza kwenikweni ndi oponya mivi omwe Mtumiki anawaika pa kaphiri, iwo nkuchokapo asanauzidwe. Munthu wamba akanati mwaonatu, kumvera ana. Koma ndime ya 159 ya Surat Al Imran, yomwe ikukamba za Uhud yemweyu, ikulamula Mtumiki kuti awakhululukire, awapemphere chikhululuko, ndipo azifunsanabe nawo. Kwa ine umodzi unagona pamenepo, anthu olakwitsa sanawachotse pabwalo, mawa lake analinso ndi pakamwa.

Sikuti nthawi zonse zimayenda myaa ayi. Pa msonkhano wa ku Saqifa mu 632, Mtumiki atamwalira, anasankha Abu Bakr kukhala mtsogoleri wa Asilamu pomwe Ali, msuweni wa Mtumiki, kunalibe, anali kukonza za maliro a Mtumiki, ndipo nkhani ya amene sanafunsidweyo mpaka lero ma Sunni ndi ma Shia amaiona mosiyana.

Umar, mtsogoleri wa Asilamu yemwe analowa mmalo mwa Abu Bakr, ndiye anachita kuikonda njira yofunsanayi. Ali paulendo wa ku Syria anafika pa Sargh nkumva kuti kutsogolo kwagwa mliri, uja wa Amwas. Anaitana ma Muhajirun, Asilamu omwe anasamuka ku Makka kupita ku Madina, anasiyana maganizo. Anaitana ma Ansar, Asilamu a ku Madina omwe anawalandira, chimodzimodzi. Kenako akuluakulu a Quraysh omwe anagwirizana zoti abwerere, iye nkulengeza kuti mmawa tikubwerera. Abu Ubayda, mkulu wa asilikali ku Syria, sizinamusangalatse, anafunsa kuti kodi mukuthawa chikonzero cha Allah? Umar anati eya, tikuthawa chikonzero cha Allah kupita ku chikonzero cha Allah. Abd al-Rahman ibn Awf, yemwe anali atachokapo nthawi yokambiranayo, anatulukira pambuyo nkunena kuti anamva Mtumiki akuti mukamva za mliri kudera lina musalowemo, ukakupezani muli momwemo musatulukemo. Umar anathokoza Allah nkubwerera ku Madina, Abu Ubayda anabwerera kwa asilikali ake ku Syria komwe mliri womwewo unamutenga mu 639.