Kusanza magazi si kutaya "magazi oipa"

Pa WhatsApp ndi m'maminibasi mumamveka zoti munthu akasanza magazi, kapena akachita chimbudzi chakuda bii chonanda ngati phula, ndiye kuti thupi likutaya magazi oipa, angomwa mkaka n'kugona. Abale anga, bodza limeneli limapha.

Magaziwo amachokera pa chilonda cha m'mimba, kapena pa mitsempha ya kummero yotupa chifukwa chiwindi chawonongeka ndi likodzo, mowa kapena matenda a chiwindi a hepatitis B. Mapiritsi monga Brufen ndi aspirin, omwe timangogula pa okala n'kumamwa tsiku ndi tsiku, amakulitsa chilondacho. Mkaka sutseka mtsempha wong'ambika.

Kuchipatala namwino amaika diripi msanga, amayeza BP ndi kugunda kwa mtima pafupipafupi, ndipo amasuzumira m'beseni momwe wodwala wasanzira kuti aone kuchuluka kwa magazi otayika, choncho musathamangire kukatsuka asanaone. Akanena kuti phala mwaphika lija lidikire kaye, si nkhanza ayi. M'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu kuti dokotala alowetse kachubu ka kamera n'kupeza pomwe pakuchucha. Wodwala akayamba chizungulire, thukuta lozizira, zikhatho zitayera mbuu, itanani namwino pompo.