Makalasi a Loweruka a Mbiri ya Dziko Lonse: Mayankho kwa Makolo ndi Ophunzira

Chiyambireni teremu ino, ku ofesi ya aphunzitsi a Histori kwakhala kukufika makolo ndi ophunzira ambiri, ena n'kudikira pakhonde mpaka nthawi yoweruka, ndipo pafupifupi onse akufunsa za makalasi a Loweruka amene tinakhazikitsa pofuna kuthandiza okonzekera mayeso a MSCE. Popeza zina zimene zikukambidwa kunjaku sizili mmene tinakonzera, taona kuti ndi bwino tiyankhe molemba kuti aliyense amve chimodzimodzi.

Kodi m'makalasiwa mukuphunzitsa chiyani?

Tikuyambira pa mpikisano wa mayiko a ku Ulaya wolanda mayiko ena chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kudutsa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, mpaka kufika pa maulamuliro opondereza a Mussolini, Stalin ndi Hitler.

Kodi wophunzira aliyense wa Fomu 4 akukakamizidwa kubwera?

Ayi, ndipo amene sabwera sachotseredwa malikisi alionse.

Mwana wanga anabwezedwa chifukwa anayamba mochedwa, anzake atafika kale pa Pangano la Versailles. N'chifukwa chiyani?

Funso ili ndi limene labweretsa madandaulo ambiri, ndipo tikumvetsa kuti kholo lililonse limamva kuwawa mwana akabwerera kunyumba atadzuka m'mamawa. Komabe tinene momveka kuti palibe mwana amene wathamangitsidwa. Chimene aphunzitsi tinagwirizana n'chakuti wophunzira amene sanakhalepo pa mitu yoyambirira atenge manotsi a mituyo, awawerenge, alembe chimangirizo chimodzi chofotokoza zimene zinayambitsa nkhondo ya 1914, ndipo akachipereka alowe m'kalasi Loweruka lotsatira.

Lamuloli tinaliika chifukwa cha zimene timaona pochonga. Wophunzira amene wayambira pa Versailles, pangano la mtendere limene linasainidwa Nkhondo Yoyamba itatha, amaloweza kuti mu 1919 dziko la Germany linalandidwa Alsace ndi Lorraine, koma sadziwa kuti dziko lomwelo linali litalanda maderawa kwa France pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871, motero ukali wa Clemenceau, mtsogoleri wa boma la France, pa msonkhano wa mtendere wa ku Paris umamuonekera ngati nkhanza zopanda chifukwa. Amaloweza kuti Germany inataya madera ake onse a mu Africa, koma sanamvepo za msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 umene Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, anaitanitsa, kapena za mikangano ya ku Morocco ya 1905 ndi 1911 imene inayandikizitsa Britain kwa France. Tikamufunsa chimene chinayambitsa nkhondo, amalemba mzere umodzi wakuti Gavrilo Princip anawombera Franz Ferdinand, kalonga wa Austria-Hungary, ku Sarajevo pa 28 Juni 1914, n'kusiya pepala lonse lili mbee. Satha kufotokoza chifukwa chimene kuphedwa kwa kalonga mmodzi kunakokera mayiko ambiri m'nkhondo, chonsecho yankho lili m'migwirizano imene inali itamangidwa kale, wa Germany, Austria-Hungary ndi Italy mu 1882, ndi wa Britain, France ndi Russia umene unakwanira mu 1907. Mwana wotere ali ngati munthu amene wafika pabwalo mlandu uli pakati n'kuuzidwa kuti agamule.

Tikudziwa kuti ena anachedwa chifukwa cha matenda, maliro kapena kusamuka. Oterewa kholo libwere kapena lilembe kalata, ndipo mkulu wa gawo la Histori aziunika nkhani ya mwana aliyense payokha. Sitingalonjeze kuti aliyense wobweretsa kalata akhululukidwa chimangirizocho, koma angathe kuloledwa kulowa m'kalasi akuchilembabe. Obwereza amene analembapo kale Histori nawonso angathe kuganiziridwa, ngakhale kuti ambiri mwa iwo timawalangiza kuyambira poyamba. Za amene akulemba mayeso asali ophunzira a pasukulu pano, sitinakane ndipo sitinavomere, chifukwa chipinda chathu chili ndi madesiki owerengeka ndipo tiyenera kuyamba taona ana athu.

Tinauzidwa kuti makalasiwa ndi aulere. Nanga ndalama imene ana akutipempha ndi ya chiyani?

Kuphunzitsa n'kwaulere, ndipo palibe mphunzitsi amene akulandira malipiro chifukwa chobwera Loweruka. Ndalama imene inatchulidwa pa msonkhano wa makolo ndi yogulira mapepala ndi inki yosindikizira manotsi ndi mapu, makamaka mapu a Ulaya oonetsa malire a 1914 ndi a 1919, amene mwana sangamvetse popanda kuwagwira ndi kuwayerekeza. Ndalamayi ikuperekedwa ku ofesi ya ndalama kokha, ndipo wopereka alandire risiti. Isaperekedwe kwa mphunzitsi kapena kwa monita wa kalasi.

Mwana amene makolo ake sangakwanitse ali ndi ufulu wonse wokhala m'kalasi, ndipo angathe kubwereka manotsi ku laibulale n'kukopera m'kope lake. Tamva dandaulo lakuti Loweruka lina ana ena anauzidwa pakhomo kuti wosalipira asalowe. Titafufuza, zikuoneka kuti mawu otere ananenedwadi, ngakhale kuti sanachokere ku ofesi ino, ndipo onse okhudzidwa takambirana nawo. Makolo amene anapereka ndalama popanda risiti abwere adzatiuze tsiku ndi amene anailandira. Tiyesetsa kulondola, koma pomwe palibe cholembedwa chilichonse sitingatsimikize pakali pano kuti ndalamayo ibwezedwa.

Kodi nkhondo za azungu zili ndi phindu lanji kwa mwana wa kuno?

Tikukondwa kuyankha funsoli, chifukwa nkhanizi sizinathere ku Ulaya. Mpikisano umene unakambidwa ku Berlin ndi womwe unachititsa kuti dziko lino likhale pansi pa Britain mu 1891. Nkhondo itangoyamba mu Ogasiti 1914, sitima ya Britain yotchedwa Guendolen inakawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, padoko limene lero ndi Liuli kutsidya la nyanja yathu, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho ku Karonga kunamenyedwa nkhondo. Amuna ambiri anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali pa ntchito ya tengatenga, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi matenda ndi njala. John Chilembwe, asanayambitse kuukira kwa Januwale 1915, anali atadandaula kale poyera za kutumiza anthu akuda kukafera nkhondo yosawakhudza. Mwana amene waona chipilala cha asilikali ku Zomba ayenera kudziwa chimene chinatengera makolo ake kunkhondo.

Mwana wanga wabwera kunyumba akuyamikira Hitler. Kodi ndi zimene mukuphunzitsa?

Ayi ndithu, ndipo dandaulo ili talitenga mozama. Silabasi imafuna kuti wophunzira afotokoze chifukwa chimene anthu ambiri ku Germany anatsatira Hitler, ndipo pofotokoza zimenezi timatchula mavuto enieni amene anthuwo anali nawo. Pangano la Versailles linasenzetsa dziko lawo mlandu wa nkhondo ndi chipukuta misozi chachikulu. Mu Novembala 1923 ndalama yawo inagwa mpaka dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi mamaki opitirira 4 thiriliyoni. Msika wa Wall Street utagwa mu Okutobala 1929, ngongole za ku America zinaitanitsidwa, ndipo pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni analibe ntchito. Chipani cha Hitler cha Nazi, chimene chinali ndi mipando 12 yokha m'nyumba ya malamulo mu 1928, chinapeza 107 mu 1930 ndi 230 mu Julayi 1932. Mwana akamva zimenezi n'kulekera pomwepo, angaganize kuti Hitler anali mpulumutsi.

Ndiye chifukwa chake sitilekera pomwepo. Timaonetsa mmene Hitler, atasankhidwa ndi pulezidenti Hindenburg kukhala mtsogoleri wa boma pa 30 Januwale 1933, anagwiritsira ntchito kupsa kwa nyumba ya malamulo ya Reichstag pomanga otsutsa, mmene lamulo la Malichi 1933 linamupatsira mphamvu zopanga malamulo popanda aphungu, mmene anaphera anzake a m'chipani mu Juni 1934, ndi mmene malamulo a ku Nuremberg a 1935 anachotsera Ayuda unzika wawo, njira imene inathera pa kuphedwa kwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Timachita chimodzimodzi pa Mussolini, amene anapatsidwa boma ndi mfumu mu Okutobala 1922 n'kudzalowa ndi nkhondo m'dziko la Ethiopia mu 1935, ndi pa Stalin, amene kusonkhanitsa kwake minda mokakamiza kunaphetsa anthu mamiliyoni ndi njala. Tikupempha kholo limene lamva mawu otere kwa mwana litidziwitse, chifukwa kawirikawiri amakhala kuti mwanayo anajomba phunziro lachiwiri.

Kodi aphunzitsi sakulowetsa ndale za kuno m'kalasi?

Ophunzira amafunsa okha za nthawi ya chipani chimodzi kuno, kuyambira 1966 mpaka chisankho cha riferendamu cha 1993, ndipo sitingawatseke pakamwa. Timayankha ndi zimene zinalembedwa m'mabuku a mbiri, n'kubwerera pa mutu wa tsikulo. Za zipani ndi atsogoleri a lero mphunzitsi saloledwa kukamba m'makalasiwa.

Kodi mungatiuze mitu imene ibwere pamayeso?

Mafunso amakonza ndi a MANEB ndipo ife sitiwadziwa, choncho aliyense wogulitsa pamfuleti ponena kuti wachokera kwa ife ndi mitu yotsimikizika akunama.

Kodi n'zoona kuti mabuku sakukwana?

N'zoona kuti ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira amene alembetsa, ndipo ena masamba a mapu anathothoka. Pempho la mabuku ena tinalipereka kwa akuluakulu a sukulu ndipo tikudikira yankho. Pakali pano buku likubwerekedwa kwa gulu osati kwa munthu mmodzi, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo mtsogoleri wa gulu ndi amene asaine m'kaundula wa ku laibulale potenga ndi pobweza.