Asilikali Akayesa Nthanda Ndege ya Mdani

Asilikali a dziko la India olondera malire a dziko lawo ndi China kumapiri a Ladakh anatha miyezi yambiri akulemba malipoti a zinthu zowala zimene zinkatulukira usiku chakumbali ya China. Kuyambira Ogasiti 2012 mpaka Febuluwale 2013 anaziona maulendo opitirira 300. Poti pamalire amenewa pamakhala kukokanakokana, iwo ankaganiza kuti ndi tindege taukazitape topanda woyendetsa. Mutu utaima, anaitana akatswiri a zakuthambo a ku Indian Institute of Astrophysics. Akatswiriwo anangopempha kuti asilikaliwo azilemba nthawi imene chowalacho chatulukira, mbali imene chili, ndiponso kukwera kwake kuchokera pansi. Atayala manambalawo zinaoneka poyera kuti adani aja anali mapulaneti awiri, Jupiter ndi Venus.

Ine ndimaphunzitsa sayansi kuno ku Johannesburg, ndiye timavidiyo ta "chinthu chachilendo kumwamba" timandipeza kawirikawiri pa WhatsApp. Tambiri timachokera kwa abale athu ogwira ntchito yaulonda ndi amene amalawirira kukakwera takisi kusanache, chifukwa ndiwo amaliona thambo ena tonse tili m'tulo. M'gulumo wina amati ndi ndege ya ufiti, wina amati ndi alendo ochokera kumapulaneti ena, kenaka wotumizayo amasekedwa kuti walawa zamutu. Kumuseka nkulakwa. Chimene waonacho chilipodi, ndipo chinapusitsapo anthu amene ntchito yawo ndi kuyang'ana kumwamba.

Asilikali safufuza zinthu izi chifukwa chokhulupirira za alendo a kuthambo. Funso lawo ndi lachitetezo: kodi ndi chida cha mdani? Ku America nkhaniyi inabuka mu Juni 1947, pamene woyendetsa ndege wina, Kenneth Arnold, ananena kuti waona zinthu 9 zikuuluka mwaliwiro pafupi ndi phiri la Rainier. Inali nthawi imene America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, choncho gulu lankhondo la m'mlengalenga silikanangokhala. Linatsegula kafukufuku wotchedwa Project Sign, kenaka Project Grudge, ndipo kuyambira 1952 mpaka 1969 kunali Project Blue Book, imene likulu lake linali ku Wright-Patterson m'chigawo cha Ohio. Potseka mabuku anali ndi malipoti 12,618. Pa onsewo, 701 ndi amene anatsala osadziwika. Ena onsewo anali ndege, mabaluni, mitambo, masetilaiti, nyenyezi, mapulaneti ndi miyala yoyaka pogwa kuchokera kuthambo.

Pa zakuthambo zonse, imene imavutitsa kwambiri ndi Venus, ija makolo athu amaitcha Nthanda ikatuluka m'bandakucha. Mukachotsa dzuwa ndi mwezi, palibe china chachilengedwe chokhazikika kumwamba chimene chimaiposa kuwala, chifukwa ili pafupi nafe ndipo yakutidwa ndi mitambo yobweza kuwala kwa dzuwa. Njira yake ili mkati mwa njira ya dziko lathu, motero sitalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri pafupifupi 47. Nchifukwa chake mumaiona kumadzulo dzuwa litangolowa kapena kum'mawa lisanatuluke, ndipo nthawi zambiri imakhala cham'munsi, pamalo enieni amene munthu amayembekezera kuona ndege. Imasowanso kwa masabata angapo ikamadutsa kufupi ndi dzuwa. Ikadzatulukiranso mbali ina, anthu amakhala ataiwala kale, nkumati dzana kunalibe chimenechi.

Nanga bwanji amati chimayenda? Apa vuto ndi diso lathu. Mukayang'anitsitsa kadontho kowala mumdima popanda china choyerekezera nacho, timinofu ta m'maso timagwederagwedera pang'ono, ndipo ubongo umaganiza kuti kadonthoko ndi kamene kakuyendayenda. Oyendetsa ndege amachenjezedwa za zimenezi pophunzira ntchito. Kukadutsa timitambo, zimaoneka ngati chowalacho chikuthamanga kulowera kwina. Ngati muli m'galimoto, chimakhala ngati chikukutsatani, monga umachitira mwezi mukakhala m'basi yopita kumudzi, kuchoka nawo ku Beitbridge mpaka kukafika nawo ku Masvingo. Chinthu chakutali kwambiri sichitsalira m'mbuyo ngati mitengo ya m'mbali mwa msewu.

Zosinthasintha mitundu nthawi zambiri zimakhala nyenyezi zenizeni, makamaka Sirius ndi Canopus, ziwiri zowala kwambiri usiku, zimene kuno kum'mwera timaziona bwino. Zikakhala m'munsi, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wambiri wotentha ndi wozizira wosakanikirana, ndiye kumathwanima kofiira, kobiriwira, koyera. Tsono wina akatulutsa foni nkukoka chithunzicho kuti chiyandikire, kamera imalephera kugwira kadontho kakang'ono chotero, nkukasandutsa chimpira chotuwa chonjenjemera. Mavidiyo ambiri amene ndimalandira amakhala otere. Chimpiracho chinapangidwa ndi kamera, kumwambako kulibe.

Koma tisathamangire kunena kuti chilichonse ndi Nthanda, chifukwa asilikali a ku America anapsa nazo zimenezi. Pa 7 Januwale 1948, Kaputeni Thomas Mantell anathamangitsa chinthu chowala ndi ndege yake yankhondo m'chigawo cha Kentucky. Anakwera m'mwamba kwambiri alibe mpweya wothandizira kupuma, anakomoka, ndege inagwa ndipo iye anafera pomwepo. Yankho loyamba linali lakuti ankathamangitsa Venus. Masana oterowo Venus imakhala yovuta kuiona, ndipo anthu apansi ankanena za chinthu chachikulu, osati kadontho. Patapita zaka ofufuza anaona kuti chiyenera kuti chinali chibaluni chachikulu cha pulogalamu ya asilikali apamadzi yotchedwa Skyhook, imene panthawiyo inali yachinsinsi. Ngakhale J. Allen Hynek, katswiri wa zakuthambo amene ankalangiza ofufuzawa, anadzayamba kudandaula kuti mayankho ena ankaperekedwa mwachidule pofuna kungotseka nkhani. Bungwe laukazitape la America la CIA nalo linadzavomera kuti malipoti ambiri a m'ma 1950 ndi 1960 anali a ndege zawo zaukazitape monga U-2, zimene zinkauluka m'mwamba kuposa mmene anthu ankadziwira kuti ndege ingafike. Kwa ine, chinsinsi chotere ndi chimene chinadyetsera mphekesera kuposa china chilichonse. Ukamunamiza munthu kamodzi, tsiku lomuuza zoona amakupukusira mutu.

Nanga 701 aja? Anthu amawagwira ngati umboni. "Chosadziwika" m'mabuku a asilikali chimangotanthauza kuti ofufuza sanathe kuchigwirizanitsa ndi chinthu chodziwika, osati kuti anapeza chombo cha alendo. Blue Book inatsekedwa itanena kuti sinapeze choopseza chitetezo cha dziko kapena umboni wa zombo zochokera kunja kwa dziko lapansi. Unduna wa zachitetezo wa Britain unatseka ofesi yake yolandira malipoti otere mu 2009. America inatsegulanso ina mu 2022, yotchedwa AARO, makamaka poopa ma drone (tindege topanda woyendetsa) ndi mabaluni aukazitape, ndipo lipoti lake la Malichi 2024 linanenanso chimodzimodzi pa nkhani ya alendo.

Kuno kwathu kum'mwera zoona zilipo zambiri. Usiku wa pa 21 Novembala 2009 mwala wochokera kuthambo unawalitsa Gauteng kwa kamphindi ngati masana. Pa 2 Juni 2018 wina unaphulikira m'mwamba mwa Botswana. Umenewu akatswiri anauona kukadali maola angapo usanafike, nkuutcha 2018 LA, ndipo zidutswa zake zinakatoledwa ku Central Kalahari Game Reserve. Miyala yotere imatha m'masekondi ochepa. Chimene chimayenda pang'onopang'ono chikusweka m'zidutswa zambiri zoyaka kwa theka la mphindi kapena kupitirira, kawirikawiri chimakhala chotsalira cha roketi chikubwerera. Mzere wa timadontho toyenda motsatana ngati mikanda ndi masetilaiti a Starlink ongoponyedwa kumene, amene anayamba kuoneka mu 2019. Ndipo musaiwale kuti tili pakhomo pa bwalo la ndege la OR Tambo. Ndege yobwera molunjika kumene mwaima, itayatsa magetsi ake otera, imaoneka ngati yaima malo amodzi kwa mphindi zingapo, kenaka ikakhota imakhala ngati yazima.

Njira ya akatswiri a ku India ija mukhoza kuichita muli pageti pomwepo, achimwene. Imani malo amodzi, lunjikitsani chowalacho ndi nsonga ya pholo ya magetsi kapena kona ya denga, lembani nthawi. Tambasulani mkono mutafumbata chibakera: chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10, ndiye werengani zibakera kuchokera pansi kukafika pa chowalacho. Dikirani ola. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho ngati ndi nyenyezi kapena pulaneti mupeza yasuntha pafupifupi chibakera chimodzi ndi theka, ya kum'mawa itakwera, ya kumadzulo itatsika. Mawa lake bwererani pamalo omwewo nthawi yomweyo. Mukaipezanso, ndege ndi drone zachoka pa mndandanda. Nyenyezi imafika pamalo ake mofulumirako ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, ndiye pakatha sabata mudzaona kuti ikulawirira ndi pafupifupi theka la ola. Ofuna dzina lake atsegule pulogalamu ya pafoni monga Stellarium nkuloza foniyo kumwamba, kapena apite nawo manambalawo ku planetarium (nyumba yoonetsera zakuthambo) ya pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein.