Mimba ikamangika, musathamangire mankhwala "otsuka m'mimba"

Ife ogwira ntchito kuchipatala tikulemba uthengawu chifukwa mabotolo a mankhwala "otsuka m'mimba" afala m'misika, m'madepoti ngakhale pa WhatsApp. Ena akumwa mwezi ndi mwezi, ati kuchotsa litsiro lomwe linaunjikana m'matumbo. Abale, matumbo si mgolo woti muziutsuka. Amadziyeretsa okha, bola muziwapatsa chakudya choyenera ndi madzi.

Si lamulo kuti munthu azipita kuchimbudzi tsiku lililonse. Wina amapita katatu patsiku, wina katatu pasabata, onsewo ali bwinobwino. Kudzimbidwa ndi pamene chimbudzi chauma gwa, chikutuluka timibulu ngati ta mbuzi, munthu n'kumachita kudzikakamiza mpaka thukuta.

Gwero lake nthawi zambiri lili m'mbale mwathu. Chimanga tikachikonola n'kuchiviika kuti ufa uyere mbee, gaga yense amapita kwa nkhuku ndi nkhumba. Chonsecho gagayo ndiye amasunga madzi m'chimbudzi kuti chifewe n'kuyenda msanga. Ndiye taganizani munthu amene m'mawa wamwa tiyi ndi mandasi, masana chipisi, madzulo nsima yoyera ndi nyama, masamba kangachepe m'mphepete mwa mbale ngati mchere. Onjezanipo kusamwa madzi m'nyengo yotentha ya Okutobala, kukhala pampando tsiku lonse, ndi kusunga chimbudzi poopa kulipira pamsika. Amayi oyembekezera nawonso amadzimbidwa, makamaka akamamwa mapiritsi owonjezera magazi. Mapiritsiwo musasiye, fotokozani kusikelo.

Mankhwala enieni ali kudimba. Idyani mgaiwa, kapena sakanizani ndi ufa woyera ngati ana akuukana. Bonongwe, chisoso, nkhwani, therere, nyemba, nandolo, mbatata yophika ndi makoko ake, papaya wakupsa, mango. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku kwa munthu wamkulu. Yambani pang'onopang'ono, chifukwa mukachulutsa nyemba mwadzidzidzi mpweya ukuvutitsani. Imwani madzi mpaka mkodzo uzioneka woyererako.

Tibwerere ku mabotolo aja, poti ndiwo akutisowetsa tulo. Palibe amene akudziwa zomwe zili mkatimo, ngakhale mlingo wake. Munthu akamwa amatsegula m'mimba usiku wonse, m'mawa n'kumayamikira kuti "zatuluka zonse". Chimene chatuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, ndipo zikatayika zochuluka impso zimawonongeka. Patapita masiku awiri mimba yamangikanso, botolo lina.

Choopsa kuposa apo n'chakuti kulephera chimbudzi kwina si kudzimbidwa ayi. Matumbo amatha kupotokola kapena kutsekeka, ndipo madokotala a opaleshoni ku Kamuzu Central Hospital amakumana ndi vutoli kawirikawiri, makamaka mwa abambo. Thumbo likapotokola magazi safikako, limayamba kufa m'maola ochepa. Mankhwala otsegula m'mimba pamenepo amakankha pakhomo lotseka, thumbo likhoza kuboola. Koma odwala amatipeza mochedwa. Tsiku loyamba anamwa botolo, lachiwiri anapita kwa asing'anga, lachitatu achibale akudikira amalume kuti apereke chilolezo. Pofika kuchipatala mimba ili ngati ng'oma, mukaigogoda ikuchita kulira.

Chonde, mukaona mimba yatupa, ikupweteka kwambiri, munthu akusanza, ndipo ngakhale mpweya wakumunsi sukutuluka, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Musamumwetse mankhwala alionse, musamupatse phala. Kuphwisa si nkhani yochita nayo manyazi pamenepa. Mufunseni wodwalayo mosabisa mawu kuti anaphwisa liti komaliza, chifukwa ifenso tikamufunsa zomwezo. Chimodzimodzi ngati chotupa cha m'mphechepeche chimene chimabwerera chokha chakana kulowa ndipo chikuwawa.

Magazi m'chimbudzi, kuwonda kosadziwika bwino, kapena kachitidwe ka chimbudzi kakasintha kwa masabata angapo mwa munthu wachikulire, zimenezonso n'zofunika kupimidwa. Musazibise ndi botolo.

Mawu apadera kwa amayi ndi agogo. Khanda loyamwa bere lokha likapitirira mwezi umodzi limatha kukhala masiku angapo osachita chimbudzi, ndipo ngati likuyamwa bwino, likukodza, kamimba kali kofewa, palibe vuto. Musalilowetse kachidutswa ka sopo kumatako, musalithire madzi a sopo, musalimwetse zitsamba. Mpaka miyezi 6 ndi bere lokha basi. Koma khanda limene lapitirira maola 48 chibadwire osatulutsa chimbudzi choyamba chakuda chija, kapena likusanza zobiriwira, lithamangitsireni kuchipatala.

Ngati wodwala wamwa kale mankhwala a m'botolo, musatibisire poopa kukalipidwa. Tengani botolo lomwelo pobwera, mutiuzenso kuti wamwa makapu angati ndiponso nthawi yanji.