Bungwe la opuma pantchito za pasukulu: mafunso ndi mayankho pa misonkhano ya pamwezi ndi ntchito zodzipereka

Munthu amene wagwira ntchito pasukulu zaka 30 amazolowera kuti tsiku lake lizigawidwa ndi belu, ndipo akapuma pantchito amadabwa ndi zii wa m'mawa wa tsiku lotsegulira teremu, pamene anzake onse apita koma iye alibe kolowera. Mabungwe a opuma pantchito za pasukulu amakhazikitsidwa kuti anthu otere asatayane, ndipo ntchito zawo zikuluzikulu ndi ziwiri: kukumana mwezi ndi mwezi, ndi kuthandiza anthu a m'dera popanda malipiro. Bungwe lililonse limalemba malamulo akeake, choncho zimene zayankhidwa pano ndi mfundo zimene bungwe lolongosoka liyenera kukhala nazo.

Kodi bungweli ndi la aphunzitsi okha?

Ayi. Aliyense amene anagwirapo ntchito pasukulu n'kupuma ndi woyenera kulowa, kaya anali mphunzitsi, mphunzitsi wamkulu, kalaliki wa mu ofesi, mlonda, wosesa, woyendetsa galimoto ya sukulu kapena wosamalira laibulale. Mfundo imeneyi ndi yosavuta kuilemba m'malamulo koma ndi yovuta kuikwaniritsa, chifukwa anthu amalowa m'chipinda cha msonkhano atasenza maudindo awo akale. Amene anali mlonda amakhala pampando wakumbuyo osalankhula, pamene amene anali wamkulu wa sukulu amayankha funso lililonse ngati kuti akadali pa msonkhano wa aphunzitsi. N'chifukwa chake malamulo ayenera kunena mosapsatira kuti membala aliyense ali ndi voti imodzi ndipo angasankhidwe pa udindo uliwonse. Kalaliki amene anasunga mabuku a ndalama za sukulu kwa zaka zambiri nthawi zambiri amakhala msungichuma wabwino kuposa amene anali bwana wake.

Kodi mabungwe otere ali ndi mbiri yotani?

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ku United States. Mayi Ethel Percy Andrus, amene anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale mumzinda wa Los Angeles, atapuma pantchito anapeza mphunzitsi wina wopuma akukhala m'khola la nkhuku, akudwala, chifukwa penshoni yake sinkakwanira kulipira nyumba kapena chithandizo cha mankhwala. Mu 1947 mayiwa anakhazikitsa bungwe la National Retired Teachers Association, lomwe linamenyera nkhondo penshoni yokwanira komanso inshulansi ya zaumoyo ya aphunzitsi opuma, panthawi imene makampani a inshulansi ankakana anthu okalamba. Mu 1958 anakhazikitsanso bungwe la AARP, lomwe linatsegulira khomo okalamba a ntchito zina zonse. Mfundo yawo yotsogolera inali yakuti munthu wopuma azitumikira ena m'malo moyembekezera kutumikiridwa. Chofunika kuona m'mbiri imeneyi n'chakuti munthu wopuma pantchito akhoza kufika pa umphawi wotere popanda anzake a ntchito kudziwa, ndipo msonkhano wa pamwezi cholinga chake choyamba n'chakuti zotere zisachitikire membala aliyense mwakachetechete.

N'chifukwa chiyani amakumana kamodzi pamwezi, ndipo tsiku limasankhidwa bwanji?

Kukumana sabata iliyonse kumatopetsa anthu amene ali ndi zidzukulu zoti alere, masiku a kuchipatala ndi ulendo wautali, pamene kukumana kamodzi pa miyezi itatu kumapereka mpata woti munthu adwale, agonekedwe m'chipatala n'kutuluka anzake osamva. Mwezi umodzi uli pakati pa ziwirizi. Tsiku liyenera kukhala lokhazikika, mwachitsanzo Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, kuti membala asamadikire uthenga wa pafoni kuti adziwe tsiku la msonkhano. Nthawi yabwino ndi ya masana, kuti onse abwerere kwawo kusanade, ndipo malo akhale osafuna kukwera masitepe, okhala ndi chimbudzi pafupi komanso opanda phokoso, popeza ena mwa mamembala makutu awo sakumvanso bwino.

Kodi pamsonkhanopo pamachitika zotani?

Wapampando amatsegula, kenaka mlembi amaitana mayina. Kwa anthu amene akhala akuitana mayina a ana m'kaundula moyo wawo wonse, gawo limeneli limaoneka ngati mwambo chabe, koma ndi limene lili ndi phindu lalikulu pamsonkhano wonse. Mlembi akatchula dzina n'kukhala chete, saika chizindikiro m'buku n'kupitirira ayi, koma amadzutsa mutu n'kufunsa amene anamuona munthuyo komaliza. Wina anena kuti anakumana naye masabata awiri apitawo akuyenda ndi ndodo, wina anena kuti foni yake siikupezeka, ndipo pompo amasankha anthu awiri oti akamuyendere sabata isanathe, mayina awo n'kulembedwa. Mwezi wotsatira anthu awiriwo amafotokoza zimene anakapeza.

Zikatero mlembi amawerenga mfundo za msonkhano wapita kuti mamembala azivomereze kapena kuzikonza, msungichuma amapereka lipoti la ndalama, ndipo otsogolera ntchito zodzipereka amanena pamene afika. Zonsezi zisapitirire ola limodzi. Mabungwe ena amaitana mlendo wodzalankhula za nkhani imodzi yothandiza, monga matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kalembedwe ka wilu, kapena njira zimene akuba amagwiritsa ntchito pobera okalamba pafoni. Nthawi yotsalayo ndi ya macheza. Malamulo anenenso chiwerengero cha mamembala amene ayenera kupezeka kuti chigamulo chikhale chovomerezeka, mwachitsanzo gawo limodzi mwa magawo atatu a mamembala onse, kuti anthu anayi asagamule za ndalama za anthu 60.

Kodi macheza si kutaya nthawi imene ikanagwiritsidwa ntchito pa zinthu zofunika?

Alipo mamembala amene amaganiza choncho, makamaka amene anazolowera misonkhano yokhala ndi mndandanda wautali wa zokambirana, koma maganizo amenewa ndi olakwika. Kusungulumwa kumadwalitsa, moti mu Novembala 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa komiti yapadera yoona za vuto la kusungulumwa ndi kukhala kwaokha. Kuwonjezera apo, nkhani zenizeni za mamembala sizituluka wapampando akafunsa ngati pali zina zoonjezera. Zimatuluka pamacheza, pamene mayi wina akunong'oneza mnzake kuti penshoni yake yatha miyezi iwiri isanafike, kapena kuti mwamuna wake wayamba kuiwala mayina a ana ake. Mabungwe ena amayamba ndi kuyenda pang'ono kapena kudziwongola kwa mphindi zochepa, zimene zikugwirizana ndi malangizo a WHO a mu 2020 akuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera olimbitsa thupi osalemetsa kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata, komanso masewera othandiza kuti asamagwe kwa masiku osachepera atatu pasabata.

Nanga membala amene sangathenso kufika pamsonkhano amachotsedwa?

Sachotsedwa. Dzina lake limakhalabe m'kaundula, amauzidwa zimene zagwirizanidwa, ndipo anzake amasinthana kumuyendera kapena kumuimbira foni.

Kodi ntchito zodzipereka ndi ziti, ndipo zimasankhidwa bwanji?

Zofala ndi kuthandiza ana aang'ono kuwerenga, kuphunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, kusonkhanitsa mabuku a mulaibulale, kulipirira ophunzira ovutika, kuyendera odwala ndi okalamba, komanso kulangiza aphunzitsi ongoyamba kumene ntchito ngati iwo eni apempha. Membala aliyense angapereke ganizo, koma msonkhano usavomereze ntchito imene ilibe munthu woitsogolera wotchulidwa dzina, tsiku loyambira ndi tsiku lodzaunikanso ngati ikuyenda. Ndi bwino kuti bungwe ligwire ntchito imodzi kapena ziwiri chaka chathunthu kusiyana n'kuyamba zisanu ndi ziwiri zimene zidzafere m'mazira, chifukwa mwana amene wauzidwa kuti agogo ena azibwera Lachinayi lililonse amadikiradi pakhomo la kalasi Lachinayilo.

Ntchito yothandiza ana kuwerenga ndi imene imawayenera kwambiri anthu a bungwe lotere. Ku United States kuli ndondomeko ya Experience Corps, imene anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo amathandiza ana a m'makalasi oyambirira kuti adziwe kuwerenga asanamalize kalasi yachitatu, popeza kuyambira pamenepo maphunziro onse amadalira kuwerenga. Chimene wopuma pantchito ali nacho, chomwe mphunzitsi wa kalasi yodzaza alibe, ndi nthawi. Amakhala pambali pa mwana mmodzi, buku lili pakati pawo, mwanayo akuyendetsa chala pansi pa mzere, ndipo akakakamira pa liwu lina wamkuluyo samulanda liwulo pakamwa. Amaphimba mbali ina ya liwulo ndi chala chake, n'kudikira kuti mwanayo atchule phatikizo loyamba, kenaka lachiwiri, mpaka alumikize yekha. Mphindi 20 zotere kawiri pasabata, ndi munthu yemweyo komanso mwana yemweyo, zimaposa tsiku limodzi la chikondwerero chogawa mabuku ndi kujambula zithunzi. Ndipo ntchitoyi siifuna satifiketi ya uphunzitsi, moti amene anali woyendetsa galimoto ya sukulu akhoza kuigwira bwino akangoonetsedwa njira yake.

Kodi munthu amene anagwira ntchito pasukulu zaka zambiri amafunikanso chilolezo kuti akathandize kumeneko?

Inde, ndipo apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Munthu akapuma pantchito amakhala mlendo pasukulu iliyonse, ngakhale pa imene anaitsogolera yekha. Komiti ya bungwe imalembera kalata mphunzitsi wamkulu, n'kugwirizana naye za masiku, nthawi, chipinda ndi mayina a odzipereka, ndipo wodzipereka akafika amalemba dzina m'buku la alendo monga wina aliyense. M'mayiko ena malamulo amafuna kuti aliyense wogwira ntchito ndi ana afufuzidwe kaye ngati sanapalamulepo mlandu, ndipo kumene kuli lamulo lotere palibe amene amalilumpha chifukwa cha imvi kapena mbiri yabwino. Wodzipereka asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, asapite naye kunyumba kwake, asamumenye kapena kumulanga mwa njira iliyonse, ndipo asamujambule chithunzi n'kuchiika pa Facebook kapena WhatsApp popanda chilolezo cha sukulu ndi makolo. Akaona zizindikiro zakuti mwana akuzunzidwa, auze wa udindo pasukulupo tsiku lomwelo m'malo mofufuza yekha.

Palinso lamulo lina limene kawirikawiri sililembedwa. Kaphunzitsidwe kamasintha, ndipo wopuma pantchito akaona mphunzitsi wachinyamata akuphunzitsa mosiyana ndi mmene iye ankachitira, asamudzudzule pamaso pa ana kapena kukamunena kwa makolo. Ngati pali chimene chamudetsa nkhawa, achinene kwa wotsogolera ntchitoyo m'bungwe, yemwe adzakambirane ndi sukulu. Sukulu imene yaona kuti odzipereka abwera kudzayendera ntchito ya aphunzitsi imatseka chitseko mwaulemu, ndipo kuchitsegulanso kumatenga nthawi.

Kodi ndalama zimachokera kuti, ndipo zimasungidwa bwanji?

Zimachokera ku zopereka za mamembala, za pamwezi kapena za pachaka, ndi ku mphatso za anthu akufuna kwabwino. Zoperekazo zikhale zochepa moti wolandira penshoni yotsikitsitsa azikwanitsa, ndipo komiti ikhale ndi mphamvu yokhululukira mwachinsinsi membala amene zamuvuta. Ndalama iliyonse yolowa ilembedwe lisiti pomwepo, isungidwe ku akaunti ya kubanki ya dzina la bungwe, ndipo isatuluke popanda anthu awiri osakhala pachibale kusaina. Thumba lothandizira mamembala pa matenda ndi maliro lisiyanitsidwe ndi thumba la ntchito za m'dera, chifukwa amene anapereka ndalama zogulira mabuku a ana sanavomereze kuti zigwire ntchito ina. Kamodzi pachaka, msonkhano waukulu usanachitike, anthu awiri osakhala m'komiti aunike mabuku a ndalama. Ena amaona ngati kuchita zimenezi n'kukayikira mnzawo amene adziwana naye kuyambira ali anyamata, koma msungichuma wokhulupirika ndi amene amapindula kwambiri, popeza sipakhala pogwira miseche.

Kodi membala aliyense amakakamizidwa kugwira ntchito yodzipereka?

Ayi. Wina mphamvu zake zimangomulola kufika pamsonkhano n'kubwerera, ndipo ndi membala wathunthu. Mlembi amalemba maola amene anthu adzipereka kuti bungwe likhale ndi chosonyeza likamapempha thandizo, koma maolawo asasanduke mpikisano.

Kodi bungweli limalowerera nkhani za penshoni ndi ndale?

Za penshoni inde, pakuti ndi nkhani ya mamembala onse. Bungwe lingathandize membala kulemba kalata, kusonkhanitsa mapepala ofunika, kapena kutumiza nthumwi ku ofesi yoyenera m'dzina la onse, ndipo lingalankhule ndi opanga malamulo a chipani chilichonse pa nkhani za okalamba ndi za maphunziro. Koma lisakhale kumbuyo kwa chipani kapena munthu wopikisana pa chisankho, ndipo msonkhano wa pamwezi usasanduke bwalo la kampeni, chifukwa anthu amene anaphunzitsa pasukulu imodzi savotera munthu mmodzi.

Kodi pali masiku a pachaka amene bungwe lingakonzere zochitika zapadera?

Alipo anayi oyenerana ndi ntchito yake. Pa 8 Seputembala ndi tsiku lokumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, lomwe bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1966. Pa 1 Okutobala ndi tsiku la okalamba, lomwe bungwe la United Nations linavomereza mu 1990, ndipo patangopita masiku anayi, pa 5 Okutobala, pamabwera tsiku la aphunzitsi, lomwe lakhala likukumbukiridwa kuyambira mu 1994. Pa 5 Disembala ndi tsiku la anthu ogwira ntchito modzipereka. Popeza masiku awiri a mu Okutobala ayandikana, msonkhano wa mwezi umenewo ndi woyenera kuitanirako amene angopuma kumene pantchito chaka chimenecho. Komiti ipemphe mayina awo kusukulu mwezi umodzi tsikulo lisanafike, ndipo aliyense apatsidwe membala mmodzi woti akamutenge kunyumba n'kubwera naye, chifukwa ambiri amene angotumiziridwa kalata yokha sabwera.